Tilembereniko za Jennie Finch

A Mkonzi,

Ndine wokonda tsamba lanu la masewera, koma ndili ndi pempho. Mukamalemba za akatswiri akunja, tilembereniko za atsikana a ku America a softball, masewera amene wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi ndodo. Yambani ndi Jennie Finch.

Finch anabadwa mu 1980 ku La Mirada, ku California. Anayamba kuponya mpira ali ndi zaka 8, ndipo mphunzitsi wake woyamba anali bambo ake. Mu softball woponya amazungulizira mkono wonse n'kutulutsira mpira m'munsi, pafupi ndi chiuno. Womenya amakhala pa mtunda wa mamita 13 okha, moti akaphethira mpira wadutsa kale.

Chomwe chimandigwira mtima ndi zaka zake pa University of Arizona, kuyambira 1999 mpaka 2002, pansi pa mphunzitsi Mike Candrea. Mu 2001 Finch anapambana masewera 32 osagonjako ngakhale kamodzi, ndipo timu yake inatenga chikho cha makoleji a dziko lonse itagonjetsa timu ya yunivesite ya UCLA 1-0. Anafika popambana masewera 60 motsatizana. Tangoganizani, uku akulowanso m'kalasi ngati mnzake aliyense! Sukuluyo inasiya kupereka nambala 27 ya malaya ake kwa wina pomulemekeza.

Za mendulo zake za pa masewera a Olimpiki, ya golide ku Athens mu 2004 ndi ya siliva ku Beijing mu 2008, ena anamvapo. Ine ndikufuna ana anga aakazi awerenge za mtsikana wa pa koleji uja, m'Chichewa, m'nyuzi yanu.

Ine wanu,
Mayi wa ana aakazi awiri