Ndili ndi zaka 49: ndiyambe digiri ya PhD kapena ndisiye?

Azakhali,

Kalatayi ndailemba katatu n'kumaing'amba. Nkhani yanga si ya chibwenzi kapena ya banja logwedezeka monga zambiri zomwe mumayankha, ngakhale kuti banja likulowamo ndithu. Ndi ya sukulu. Ndine mayi wa zaka 49, mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina yoyendera ya CDSS kuno ku Mulanje, mbali ya ku Muloza. Ndikufuna kuyamba digiri ya PhD pa za utsogoleri wa sukulu, koma maganizo andichulukira moti masiku ano tambala woyamba amalira ndili maso.

Uphunzitsi ndinaulowa mu 1996, patapita zaka ziwiri boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale. Ndinali m'gulu lija lomwe tinapatsidwa choko tisanaphunzire ntchito, n'kudzasulidwa pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yosula aphunzitsi ali kale pantchito. Kenako ndinakatenga dipuloma ku Domasi, digiri yoyamba, mpaka masitazi. Palibe pepala ndi limodzi lomwe lomwe ndinalipeza ndili mtsikana wopanda udindo. Lililonse ndinaliwerengera usiku, mwana ali kumsana, mulu wa makope osachonga uli pambali.

Masitaziyo ndi imene imandiopsa ndikaikumbukira. Inayenera kutha m'zaka ziwiri koma inanditengera zisanu. Yunivesite yake sinditchula. Amene ankayang'anira kafukufuku wanga anapita kunja ndili pakati, ndipo ndinkati ndikatumiza chaputala ndinkadikira miyezi inayi kuti ndimve ngati chili bwino. Koma ndisawasenzetse mlandu wonse. Panali chaka chathunthu chomwe mayi anga ankadwala, ine osatsegula laputopu ngakhale tsiku limodzi. Anzanga angapo omwe tinayambira limodzi anakhoza maphunziro onse a m'kalasi, n'kudzagwa pa kafukufuku, ndipo mpaka lero alibe pepala. Ine ndinapulumukira padzenje lomwelo, ndiye ndikulidziwa kuzama kwake.

Mwina mukufunsa kuti nanga chandiputanso n'chiyani. Ndi namondwe wa Freddy.

M'mwezi wa Marichi 2023, napolo atatsika m'phiri, sukulu yathu inasanduka kampu usiku umodzi wokha. Anthu anabwera ali matope okhaokha, ena atanyamula ana, ena atanyamula mbuzi, ena asakudziwa komwe abale awo ali. Makiyi a makalasi anali m'manja mwanga, choncho aliyense ankayang'ana ine. Ndinayenera kugamula kuti amayi ndi ana agona kuti, abambo kuti, atsikana achisodzera atetezedwa bwanji kunja kukada. Zimbudzi zomwe zinamangidwira ophunzira ochepa zinadzadza m'masiku owerengeka, kolera ali mkati movuta m'dziko muno. Ufa ukabwera, mafumu ankafuna kugawa okha, akomiti ya makolo nawo ankafuna, ndipo ine ndinali pakati. Madesiki ena anathera pa moto. Sindinakalipire munthu, chifukwa mayi yemwe akuphikira ana phala m'mvula yoteroyo simungamuuze za katundu wa boma. Panthawi yomweyo ana a Fomu 4 ankandifunsa kuti, "Amadamu, nanga mayeso a MSCE tilemba bwanji?"

Sukulu zitatsegulidwanso, mipando yambiri inali yopanda eni. Atsikana ena anali atakwatiwa, ena atapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Limbe, anyamata ena atawolokera ku Milange kukasaka maganyu. Ine ndi amayi a Mother Group tinayenda khomo ndi khomo. Ena tinawabweza, ena anatikanika, ndipo mayina a otikanikawo ndimawakumbukira onse.

Azakhali, pa mabuku onse a utsogoleri omwe ndinawerenga pa masitazi, palibe lomwe linandikonzekeretsa sabata zimenezo. Ambiri analembedwa ku America ndi ku Britain, ndipo sukulu yomwe amaikamba ili ndi magetsi, wosunga ndalama, laibulale ndi aphunzitsi okwanira phunziro lililonse. Samudziwa mphunzitsi wamkulu amene amaphunzitsanso yekha Chichewa ndi Mbiri chifukwa palibe wina, amene amadziwa kuti mvula ikagwa tiyi n'kuphukira, ana ena ajomba kukathandiza makolo kuthyola m'minda yawo, amene amayenera kugwirizana ndi amfumu asanagwirizane ndi wina aliyense. Tikakumana ku ofesi ya chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands, ife a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu timafotokozerana zimenezi panja nthawi yopuma, ndipo nzeru zomwe zimatuluka pamenepo n'zozama kuposa zomwe zimakambidwa mkati. Koma palibe amene amazilemba. Munthu akapuma ntchito amapita nazo kumudzi. Odzalemba za ife amabwera pa galimoto, n'kutipatsa mapepala a mafunso, tsiku lachiwiri abwerera. Ine ndikufuna kufufuza mmene aphunzitsi aakulu a ma CDSS a m'chigawo chino anayendetsera sukulu zawo pa nthawi ya Freddy ndi pambuyo pake, kuti amene adzalandire makiyi ine nditachoka asadzayambire pomwe ndinayambira. Mutu wa kafukufuku wanga ndi umenewo, ndipo ndalemba kale masamba 9 a pulopozo, chikalata chofotokoza mmene kafukufukuyo adzayendere.

Tsopano pa njira. Ndafufuza zitatu. Yoyamba ndi ya kuno kwathu. Yunivesite yomwe tayandikana nayo ndi MUST ku Thyolo, koma mphamvu zake zili pa sayansi ndi luso lamakono, choncho maso anga ali ku Zomba, ku University of Malawi, komwe nkhani za ndondomeko, mapulani ndi utsogoleri wa maphunziro anayamba kale kuziphunzitsa. Ubwino wake ndi wakuti fizi ndi ya makwacha, ndipo woyang'anira kafukufuku ndingathe kumukwerera minibasi n'kukaonana naye maso ndi maso.

Yachiwiri ndi yunivesite ya UNISA ya ku South Africa, komwe munthu amaphunzira ali kwawo ndipo kuli dipatimenti yoona za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maphunziro. Kumeneko mapepala anga ayenera kuyamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo zonse zimalipidwa ndi ndalama zakunja. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndikawerengetsa mtengo wake mutu umandiwawa, osanenanso za kusowa kwa ndalama zakunjazo m'mabanki. Komanso kuphunzira kotereku kumadalira intaneti, pomwe kwathu kuno chiperoni chikakuta phiri ndipo magetsi akazima, ndimachita kukwera kabaza mpaka pa Limbuli kuti nditumize fayilo imodzi.

Yachitatu ndi thandizo lokaphunzira kunja, monga la Commonwealth. Limeneli lingandichotsere mtolo wa fizi, koma opikisana ndi ambiri, ndipo nditati ndapeza mwayi ndiye kuti ndasiya sukulu ndi banja kwa zaka zitatu, kutali ndi anthu omwe ndikufuna kuwafufuzawo. Pa Facebook pamabweranso zotsatsa za EdD, digiri ya udokotala pa za maphunziro, yomwe amati ndi ya anthu ogwira ntchito ngati ife, yotha msanga, yolipira pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti EdD yeniyeni ilipo m'mayunivesite odziwika a ku America ndi ku Britain, koma zotsatsazi zimandikayikitsa. Sindingataye ndalama pa pepala lomwe a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dziko muno, angadzalikane.

Njira iliyonse mwa izi, ntchito yake ndi yomweyo: kuteteza pulopozo, kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sapweteka anthu ofunsidwa, kuyenda m'sukulu kucheza ndi anthu, kulemba buku lonse, kulitumiza kwa akatswiri a kunja kwa yunivesite kuti aliunike, ndipo malo ambiri amafunanso kuti nkhani imodzi kapena ziwiri zituluke m'magazini a akatswiri. Kwa wophunzira wopanda ntchito ina amati zaka zitatu. Kwa ine, yemwe m'mawa ndili pa asembule, masana m'kalasi, madzulo pa mlandu wa mwana wopezeka ndi pakati, ndikuona zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ngati Mulungu andisunga.

Apa ndi pomwe banja likulowera. Bambo akunyumba si munthu wondipondereza. Pa masitazi ankaphikira ana okha ine ndili ku sukulu, anthu akuwaseka kuti adyetsedwa. Koma ulendo uno anandikhazika pansi n'kuwerengera zala. Anati ndikadzamaliza ndidzakhala ndi zaka 55, ndipo m'boma timapuma pa zaka 60. Anafunsa ngati malipiro adzakwere, ndipo ndinayankha zoona, kuti sindikuyembekezera zimenezo, chifukwa kukwezedwa kumayendera mipata ndi mayeso a ntchito. Anangoti, "Amayi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada," n'kutuluka kupita kumunda. Chiyambire tsiku limenelo nkhaniyi sitinaikambenso.

Ndalama zomwe ndingayambire ndi za puloti yomwe ndinagula pa Chitakale ndi ngongole ya ku SACCO, yomwe tinkati tidzamangepo nyumba yopumiramo. Mwana wathu wachiwiri ali ku koleji, wotsiriza ali Fomu 2, ndipo ndikusunganso ana awiri a mng'ono wanga yemwe nyumba yake inapita ndi madzi. Achimwene anga aakulu, omwe ndi eni mbumba kwathu, atamva anabwera ndithu kudzandiona. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Chemwali, anawa akadzasowa fizi, tidzawauza kuti ndalama zinapita kuti?" Ndinasowa poyankha, ndipo mpaka lero funsolo limandilasa. Ine amene ndimayenda m'midzi kuuza makolo kuti aike ana patsogolo, ndingatenge bwanji za ana n'kulipirira sukulu yanga?

Komabe ndikati ndisiye, mtima sukuvomera. Mwana wanga wamkazi woyamba, yemwe ndi namwino, amandiuza kuti ndiyambe, adzandithandiza. Anzanga ena akuti ndikufuna kungotchedwa Dokotala. Ndadzifunsa moona mtima ngati n'choncho, ndipo ndikuvomera kuti dzinalo lingandisangalatse, makamaka poganiza za atsikana a pasukulu pathu omwe sanaonepo mayi wa kwawo konkuno atafika pamenepo. Koma chomwe chimandidzutsa usiku ndi nkhani zija zomwe zikutha ndi eni ake. Mmodzi mwa aphunzitsi aakulu omwe ndinkafuna kudzacheza nawo anamwalira chaka chatha.

Ndithandizeni pa izi, Azakhali. Kodi n'kudzikonda kuti mayi wa msinkhu wanga, wokhala ndi ana omudalira, agulitse malo chifukwa cha maphunziro omwe sadzabweza ndalamazo? Ngati si kudzikonda, ndiwafikire bwanji bambo akunyumba ndi achimwene kuti tikambirane popanda wina kuona ngati ndamunyoza? Ndikufuna mdalitso wawo, chifukwa ndikudziwa kuti popanda iwo sindingamalize.

Ndikupemphanso kuti ngati pakati pa owerenga anu pali amene anamaliza PhD akugwira ntchito, makamaka amayi, andiuze zoona zake. Woyang'anira kafukufuku wabwino mumamudziwa bwanji musanalembetse? Kodi n'koyenera kumulembera kaye n'kumuonetsa pulopozo, kapena kufunsa ophunzira ake akale mmene amayankhira? Akayamba kuchedwetsa ntchito, mumatani kuti musadane naye? Nanga ndipemphe tchuthi chokaphunzira n'kusiyira sukulu wachiwiri wanga, kapena ndigwire zonse ziwiri? Ndikuopa kuti ndikagwira zonse, ana a eni ake ndi amene adzavutike, ndipo zimenezo sindingadzikhululukire.

Palinso ganizo lina lomwe linabwera ndi mnzanga wina wa ku Luchenza. Iye akuti ndingathe kulemba nkhanizi popanda digiri, kusonkhanitsa aphunzitsi aakulu anzanga n'kutulutsa kabuku kothandiza. Ndaliganizira kwambiri. Nkhawa yanga ndi yakuti ku unduna ndi m'makoleji a aphunzitsi angakaone ngati nthano za mayi wa kumudzi, pomwe kafukufuku woyesedwa ndi akatswiri amamvedwa. Kodi ndikulakwitsa pamenepa?

Mapepala anga onse ali mu envelopu m'kabati ya ku ofesi: masatifiketi, zotsatira za mayeso, makalata awiri a ondichitira umboni ndi pulopozo ija. Wogula puloti wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa kuti ndimuyankhe. Chonde ndiyankheni nthawiyo isanakwane, ndipo dzina langa musalitulutse, chifukwa ana anga a sukulu amawerenga tsamba lanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu, Mulanje