Ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa asamangothera mu thanki ya galimoto

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndiyankhulepo za nzimbe. Ndinakulira kufupi ndi Dwangwa, ndipo zaka zambiri za moyo wanga ndathera pophunzitsa sayansi kusekondale. Fungo la molasesi, madzi akuda a nzimbe otsala shuga akapangidwa, ndimalidziwa kuyambira ndili mwana, limodzi ndi phulusa lakuda lija limagwera pa zovala zoyanika akamatentha minda ya nzimbe. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'molasesi muja muli chuma chimene ife timangonyambita pamwamba pake.

Amalawi ambiri sadziwa kuti pa nkhani ya ethanol, mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku molasesi, dziko lathu linayamba kale kwambiri. Fakitale ya Ethco ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol mu 1982, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkatseka njira za ku Beira ndi Nacala ndipo mafuta ankabwera mozungulira ndi modula. Kuchokera pamenepo petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Mu 2004 PressCane inatsegula fakitale yachiwiri ku Chikwawa, yodalira molasesi wa ku Nchalo. Zaka zadutsa 40 tsopano. Pa zaka zonsezi, ethanol wathu ambiri wakhala ndi njira ziwiri basi: kupsa mu injini, kapena kulowa m'botolo la mowa. Kukasowa mafuta, mizere ikatalika pamalo omwetsera, timamukumbukira. Mafuta akabwera, timamuiwala.

Pali chinthu china chimene ndinkaonetsa ana a Fomu 4, ndipo chinkawakhalitsa chete. Ndinkanyika thonje mu ethanol n'kulikankhira pansi pa kachubu kagalasi, pakati n'kuikapo tizidutswa ta kapu yadothi yosweka. Kachubuko timakagoneka cham'mbali, moto timaika pansi pa tizidutswa tija mpaka titatentha kwambiri. Nthunzi ya ethanol ikamadutsa pamenepo imataya madzi n'kusanduka mpweya wotchedwa ethene, ena amati ethylene. Mpweyawo tinkautolera m'kabotolo kozondotsa m'madzi, n'kudonthezamo madzi apepo a potassium permanganate. Kungogwedeza kawiri katatu, mtundu uja unkazimiririka. Ndikatero ndinkanyamula jumbo yomwe wina wabweretseramo mbatata, n'kuwauza kuti jumboyi, ndowa yotungira madzi ndi chigubu cha mafuta ophikira, zonsezi ndi mpweya womwe uli m'kabotoloko, wolumikizidwa wokhawokha ngati mikanda pa ulusi. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti nzimbe ingabale ndowa?" Yankho lake ndi eya.

Pafupifupi pulasitiki yense amene timagwiritsa ntchito amachokera ku mafuta ndi gasi wokumbidwa pansi. Koma ku Brazil, kampani ya Braskem inatsegula fakitale ku Triunfo mu 2010 yochita zomwe zija tinkachita m'kachubu, pa mlingo wa matani 200,000 pachaka, ndipo mu 2023 anaikuza kufika pa matani 260,000. Pulasitiki wake sasiyana ndi wa mafuta, makina omwewo amamuumba. Kampani ya Tetra Pak imapangira zotsekera za mapaketi a mkaka ndi juwisi, ndipo a Lego anayamba mu 2018 kuumbira timitengo ndi timasamba ta zidole zawo. Ubwino wake ndi wakuti nzimbe ikamakula imayamwa mpweya wa carbon dioxide m'mlengalenga, pamene mafuta okumba amangowonjezera mpweyawo.

Sindikunena kuti timange Triunfo ku Nkhotakota. Fakitale yotere imameza malita a ethanol oposa 400 miliyoni pachaka, pamene mafakitale athu awiri pamodzi amatulutsa malita mamiliyoni makumi ochepa chabe, ndiponso molasesi amawaperewera. Komanso wina asapusitsidwe ndi mawu akuti pulasitiki wa nzimbe. Sawola. Jumbo ya nzimbe ikatayidwa imatseka ngalande ya Mudi kapena Lingadzi chimodzimodzi ndi inzake, mbuzi ikaimeza imafa chimodzimodzi. Lamulo lija la 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 liyenera kugwira pa onse.

Zimene zingatikwane ife ndi zazing'onopo, ndipo n'zimene ndikufuna atsogoleri a zamafakitale aziganizire. Ethanol akakumana ndi mpweya, mothandizidwa ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, amasanduka asidi yemwe uja ali mu viniga. Mayi aliyense amene anaonapo mowa wamasese utasasa waona chiyambi cha ntchito imeneyi. Asidiyu mukamuphatikizanso ndi ethanol mumapeza ethyl acetate, madzi onunkhira ngati chipatso omwe amasungunula penti, vanishi, guluu ndi inki yosindikizira mapaketi. Fungo mumamva mukalowa mu saluni momwe akuchotsa penti ya m'zikhadabo, nthawi zina ndi iyeyu. Ku India kuli mafakitale oyandikana ndi minda ya nzimbe omwe amapanga mankhwala amenewa kuchokera ku ethanol wa molasesi, ndipo kampani ya India Glycols ku Kashipur imapanga glycol, mankhwala olowa m'mabotolo a zakumwa ndi mu nsalu za poliyesitala, kuchokera ku ethanol yemweyo. Kalipentala wa ku Ndirande akamagula thina, wosindikiza mabuku ku Limbe akamagula inki, fakitale ya penti ikamaitanitsa migolo ya zosungunulira, ndalama zakunja zimatuluka, zomwe zija timasowa pogula mankhwala a m'zipatala. Si zonse zingalowedwe m'malo ndi za nzimbe, koma gawo lina lingatheke.

Tinaonapo kale kachitsanzo. Mu 2020, Covid-19 itafika, sanitaiza anasowa ndipo mtengo wake unakwera. Pasanapite nthawi, masukulu aukachenjede ndi makampani ang'onoang'ono anayamba kupanga wawo. Chinawathandiza n'chakuti ethanol anali pakhomo pompano.

Nanga zotsalira nzimbe ikafinyidwa, zomwe a kufakitale amati bagasi? Zambiri amazitentha kuti apeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera fakitale, ndipo imeneyo ndi ntchito yabwino, sindikuinyoza. Koma kampani ya Illovo, yomwe imapanga shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo, pa fakitale yake ya ku Sezela ku South Africa, imatulutsa mankhwala otchedwa furfural m'bagasi, ndipo kuchokera pamenepo imapanga furfuryl alcohol, yemwe osungunula zitsulo amamatira mchenga wa zikombole zawo. Mankhwala amenewa amagulitsidwa kunja. Luso lilipo m'banja lomwelo la makampani. Maiko ena a ku Asia amaphika bagasi n'kuumba mbale ndi timabokosi totengeramo chakudya, zomwe zimawola zikatayidwa kudzala. Aliyense wodutsa pa chiwaya cha tchipisi madzulo amaona mulu wa timabokosi toyera ndi majumbo a buluu m'mphepete mwa msewu. Mbale ya bagasi ingalowe pamenepo, bola mtengo wake ukhale woti mnyamata wa pa chiwaya angakwanitse. Ikadula kuposa tchipisi cha m'katimo, palibe adzaigule.

Walira mvula walira matope, Akonzi, ndipo matope a nkhaniyi ndimawadziwa. Pa lita imodzi ya ethanol, fakitale imatsala ndi malita khumi kapena kuposerapo a madzi akuda, onunkha, omwe amatchedwa vinasse. Akathawira mumtsinje amamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba zimayandama zitafa, ndipo okhala pafupi amagona atatseka mawindo. Koma madzi omwewo ali ndi potaziyamu wambiri. Ku Brazil amawathira m'minda ya nzimbe mwa muyeso m'malo mwa feteleza, ndipo mafakitale ena amayamba awaoletsa m'matanki otseka n'kutulutsa gasi wotenthetsera. Dziko logula feteleza kunja ndi madola osowa lisamaone madzi amenewa ngati chonyansa chongofunika kubisa. Fakitale iliyonse yofuna kukulitsa ntchito ya ethanol iyambe yaonetsa kumene madziwa azipita, ndipo anthu a m'midzi yozungulira akhale ndi mawu pa nkhaniyo.

Matope ena ndi malo. Kwathu kuno ndi ku chigwa cha Shire, nkhani ya nzimbe siyenda yokha, imayenda ndi madandaulo a mabanja amene minda yawo ya chinangwa, mpunga ndi mapira inalowa m'nzimbe. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000, idzabweretsa chiyeso chodzala nzimbe paliponse. Ine ndingakane zimenezo. Ku Brazil madzi a nzimbe enieniwo amawasandutsa ethanol chifukwa ali ndi malo ochuluka; ife tili ndi anthu oposa 20 miliyoni pa kadziko kakang'ono. N'chifukwa chake ndikulimbikira pa molasesi, bagasi ndi vinasse, zinthu zomwe zilipo kale shuga akapangidwa. Tikolole zambiri pa nzimbe yomweyo tisanafune munda wina.

Ndinenenso za achinyamata, poti ena mwa iwo anali ana anga a m'kalasi. Masacheti asanaletsedwe, ndinaona anyamata anzeru akuwonongeka ndi mowa wotchipa. Mowa woopsawo lero ukadalipo m'timabotolo. Lita iliyonse yolowa mu vanishi kapena mu inki ili ndi msika wina wopikisana ndi umenewo, ndipo imalemba ntchito mnyamata amene anakhoza bwino chemistry koma ali pakhomo.

Masomphenya a Malawi 2063 amatchula mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Ndikupempha unduna woona za malonda ndi mafakitale kuti utenge kaundula wa bungwe lotolera misonkho la MRA, uwerenge mankhwala osungunulira, asidi ndi zotengera chakudya zomwe timaitanitsa chaka chilichonse, n'kufalitsa ziwerengerozo kuti ofuna kuika ndalama aone kukula kwa msika. Masukulu aukachenjede a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre ali ndi ophunzira uinjiniya ndi sayansi. Apatsidwe ethanol wochepa pa mtengo wa kufakitale ndi kamakina koyesera kotulutsa migolo ingapo pa sabata, a Malawi Bureau of Standards ayeze zotulukazo, opanga penti aziyese m'zitini zawo. Ndipo inu Akonzi, tumizani mtolankhani ku Dwangwa ndi ku Chikwawa nyengo yodula nzimbe ikayamba. Akafunse kuti fakitale imagaya miyezi ingati pachaka, imaima chifukwa chiyani, ndi kuti ndi makasitomala angati amabwera kudzagula ethanol amene si a mafuta kapena a mowa.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Nkhotakota