Ana athu akuphunzira kulandira alendo papepala

A Mkonzi,

Ndalemba kalatayi chifukwa cha zimene zachitikira mwana wa mchemwali wanga, amene ali m'chaka chachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda wa Tete kuno ku Mozambique, kumene akuphunzira ntchito za m'mahotela. Mwezi wathawu anatumizidwa ku esitajiyo, kukaphunzira ntchito poigwira, pa hotela ina, ndipo anamuika polandirira alendo. Mlendo atafika n'kunena kuti anasungitsa chipinda pa intaneti, mwanayu anangoyang'anitsitsa kompyuta osadziwa pogwira, ndipo mlendoyo atapereka khadi la kubanki, sanadziwe ngakhale mbali imene khadilo limalowera m'makina olipirira a POS. Dzuwa lisanapendeke anali atasamutsidwira kukhitchini kukakwecha mapoto.

Mwanayu si mbuli ayi. Mayeso amakhoza bwino, chifukwa mayeso akewo ndi olemba papepala mmene amayalira tebulo, mbali yoika mpeni ndi mbali yoika foloko, popanda kugwira mpeni kapena foloko. Aphunzitsi ake amati akuphunzitsa mwamakono, ndipo zamakono zakezo ndi kuponya PDF pa gulu la WhatsApp usiku, kuti ophunzira akawerenge okha ndi mamega ogula okha. Chipinda cha makompyuta chilipo ndithu, ndinachisuzumira pawindo: chitseko chili ndi loko, makompyuta anawafunditsa nsalu kuopa fumbi, ndipo amachitsegula pokhapokha kukabwera akuluakulu odzayendera. Tiwayamikire a sukuluyi, makompyuta awo adzakalamba ali atsopano! Chimene saiwala ndi kutolera propina (fizi ya sukulu) mwezi ndi mwezi, ndalama imene bambo a mwanayu amaipeza pogulitsa mbatata ya kachewere kuno ku Angónia.

Ndikufunsa bungwe la CNAQ, limene linapatsidwa udindo wounika ndi kuvomereza maphunziro a ukachenjede m'dziko muno: kodi mukafika pa sukulu zoterezi mumaona mapepala okha, kapena mumauza wophunzira kuti akhale pa kompyuta alembetse mlendo inu mukuona? Nawonso a Unduna wa Zamaphunziro ndi Bwanamkubwa wa chigawo chathu ayenera kuyankhapo.

Zimapweteka kwambiri chifukwa ku Tete alendo sasowa. Kuli a migodi ya malasha ku Moatize, kuli opita ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa, kulinso apaulendo owoloka Zambezi kulowera ku Zóbuè ndi ku Cuchamano, ndipo onsewa amafuna pogona ndi nyama ya mbuzi yathu yotchuka ija. Magetsi athu amawalitsa South Africa, malasha athu amakwera sitima kupita ku Nacala, koma mwana wa kuno akafuna sukulu yodziwika ya zamahotela ayenera kupita ku Inhambane, ku sukulu ya Yunivesite ya Eduardo Mondlane, mtunda woposa makilomita 1,000. Ndi makolo angati a ku Tsangano kapena ku Macanga amene angakwanitse zimenezo?

Loko uja achotsedwe sabata ino. Ophunzira aziphika, aziperekera chakudya ndi kulembetsana pa kompyuta ngati alendo enieni, theka la malikisi lizichokera pa ntchito ya manja, ndipo mphunzitsi amene sanagwirepo ntchito m'hotela ayambe iye kupita ku esitajiyo asanatumizeko ana a eni.

Malume wokhumudwa,
Ulongwe, Angónia