Kachigudumu kano kandidya mutu

Germiston, South Africa,
Lamlungu usiku

Bwanawe,

Kalata yako yandipeza, wabwera nayo mlamu wako pamodzi ndi usipa uja. Usipawo wafika utasanduka ufa, koma ndadya. Ukuti ndayamba matama chikwerereni ndege, n'chifukwa chake sindiyankha pa WhatsApp. Matama ake ati, iwe? Munthu wa matama amakhala pansi mpaka pakati pa usiku akupukusa kachitsulo, lilime lili panja?

Kachitsuloka ndi kowerengera masamu a ulendo wa ndege, dzina lake ndi E6B, kuno amangoti whiz wheel. Ndi timbale tiwiri tachitsulo, kakang'ono pamwamba pa kakakulu, tomangidwa pakati kuti kamodzi kazizungulira, manambala ali mbwee m'mphepete monse. Batire mulibe, batani palibe. Anakapanga ndi Philip Dalton, msilikali wa ku America, m'zaka za m'ma 1930, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga toposa 400,000. Mwini wakeyo anafa mu 1941 pa ngozi ya ndege akuphunzitsa munthu kuuluka. Zimenezi mlangizi wanga anandiuza ndikumanga lamba, iye akumwetulira.

Kutsogolo kwake sikuvuta ukangoona koyamba. Pali kachizindikiro kakuda ka ngodya zitatu, kamaimira mphindi 60. Ukaloze pa liwiro lako, tinene ma knot 90, kutanthauza mamailosi a panyanja 90 pa ola, kenaka ufune mtunda panja, tinene mamailosi 45, pansi pakepo pakhala 30. Ndiye kuti ulendowo ndi wa mphindi 30. Mafutanso chimodzimodzi. Koma kachinthuka kalibe kadontho ka desimo. Pamene palembedwa 12 pakhoza kukhala 1.2, kapena 12, kapena 120, kapena 1,200, iko sikakuuza. Uyenera kukhala utayerekeza kale yankho m'mutu usanakagwire, iko kamangokupatsa manambala akutsogolo. Iwe amene pa mayeso a MSCE unkadina kakyuleta kuti upeze 7 kuchulukitsa ndi 8, kano kakanakuliza misozi.

Ndiye pali nkhani ya mafuta, imene yandilanda tulo. Ndege yathu ndi Cessna 172, buku lake limawerenga mafuta mu magaloni a ku America, galoni imodzi malita 3.785. Pampu ya pabwalo imathira mu malita. Powerenga kulemera kwa ndege umafuna mapaundi, galoni imodzi ya avgas, mafuta a ndege ngati yathuyi, ndi mapaundi 6. Ndipo pa kachigudumu pomwepa pali kamuvi kenanso ka galoni ya ku Britain, ya malita 4.546, kali phee kudikira munthu wa tulo. Usaseke. Mu 1983 ndege yaikulu ya Air Canada, Boeing 767, inathera mafuta m'mwamba chifukwa anthu anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, mpaka inakatera opanda injini pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli. Amenewo anali akatswiri. Nanga ine mwana wa kwa Chimwala? Ndikangotseka maso ndimadziona ndikutera pa msewu wa N3 pakati pa ma taxi, madalaivala akundiimbira hutala, mawa lake nkhani ili pa wailesi kumudzi, amalume akugwedeza mutu pansi pa mtengo wa mango akuti ng'ombe zathu zija zathera pamenepa. Dzulo ndimathira mafuta ophikira mu poto, ndinapezeka ndikudzifunsa kuti kodi awa ndi a galoni iti.

Kumbuyo kwake n'kumene ndimakukonda, ngakhale n'kumene kwandiyambanitsa ndi munthu. Kuli kagalasi ka pulasitiki kozungulira, pansi pake kakhadi kotsetsereka ka mizere yokhota. Umazunguliza kuti kaloze kumene mphepo ikuchokera, n'kuika kadontho ka pensulo molingana ndi mphamvu ya mphepoyo, kenaka n'kuzunguliza kuloza kumene ukupita. Kadontho kaja kamasuntha n'kukuuza kuti mphuno ya ndege uikhotetse bwanji. Ukamauluka pa ma knot 100 mphepo ya ma knot 20 ikukumenya m'nthiti, uyenera kukhotera kumphepoko pafupifupi madigiri 12. N'zomwe zija amachita opalasa bwato powoloka Shire, amaloza kumtunda kuti madzi akawatule pa doko lenileni. Kusiyana kwake iwo safuna pensulo. Ukatha apo suli pabwino ayi, chifukwa kuno kampasi imasemphana ndi kumpoto kwa pa mapu ndi madigiri pafupifupi 20, uyenera kuwawonjezera. Digiri imodzi yolakwa imakutaya mailosi imodzi ukayenda mamailosi 60, ndiye werenga wekha kuti 20 akakutula kuti.

Tsono mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anabwereka kachigudumu kanga ndili kosamba. Pensulo sanaipeze. Anatenga bolopeni, bwanawe, bolopeni, n'kudinda kadontho pa pulasitiki mwamphamvu ngati akusaina cheke. Ndapukuta ndi malovu, ndi sopo, ndi mankhwala otsukira mano, inki inachoka koma kadzenje katsala. Panopa pensulo yanga ikangoyandikira imagwera m'kadzenjemo. Mphepo ya mnyamata ameneyu yakhala ikuwomba kuyambira mwezi watha osasintha, nyengo isinthe isasinthe. Akuti ndi chinthu chaching'ono. Ndamuuza kuti tsiku limene ndidzapezeke ku Botswana ndikupita ku Parys, tauni ya konkuno, adzakafotokoze yekha kwa amayi. Wagula pensulo ziwiri ngati chipepeso, zolimba zija zimene sizilemba pa pulasitiki. Sitikudyera pamodzi.

Iya, ndikanaiwala. Ndinauluka ndekha sabata yatha, mlangizi anatsika n'kundiuza kuti pita. Ndinazungulira bwalo n'kutera, anzanga anandithira madzi. Koma za bolopeni ija, munthu wamkulu ndithu wa ndevu zake?

Ena kuno ali ndi tamagetsi tija ta CX-3, amangodina yankho n'kutuluka ndi desimo yake yomwe. Mlangizi wanga akuti ndisakhudze mpaka dzanja lizolowere chigudumu, chifukwa m'mwamba ndege ikugwedezeka dzanja lina lili pa chiwongolero, ndipo batire limasankha lokha tsiku lofera. Ndimadandaula pakamwa, koma pa tiwindo ta pakati pa kachigudumu ndagonja. Bwalo lathu la Rand Airport lili pa mafiti 5,483. Ukaika kutentha kwa madigiri 30 pa kawindo, kamakuonetsa kuti mpweya wapepuka moti ndege ikumva ngati ili cha pa mafiti 8,600, ikadali pansi. Kwangotsala mafiti pafupifupi 1,250 kuti kufanane ndi pa Sapitwa, amene ndi mamita 3,002. Ndiye masana a October ukaona ndege ikuthamanga, kuthamanga, msewu ukutha iyo osafuna kunyamuka, umadziwa kuti kachitsulo kaja sikananame.

Mayeso a navigation, phunziro la kapezedwe ka njira m'mwamba, a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno, ali pafupi, kukhoza kwake ndi 75 peresenti. Ukalephera umalipiranso, ndipo ukudziwa kumene ndalama zake zikuchokera. Za bambo wandilembera mzere umodzi wokha, kuti ayamba kuyenda ndi ndodo. Mzere umodzi, pamene za chinkhoswe cha aNambewe wadzaza tsamba lonse. Akandiimbira amangoti tili bwino, iwe limbika. Ndiuze zoona zake, mwendo uja ukutupabe? Kuchipatala akumawaperekeza ndani? Maliro a agogo ako ndinamva mochedwa, ndinakhala pa bedi osadziwa woti ndimuuze, nyumba yonse ino palibe amene anadyako nsima yawo.

Ndikulemba kumbuyo kwa pepala la nav log, lolembapo ndondomeko ya ulendo wa ndege, ndipo landithera, ndayamba kukwera m'mbali. Mlamu wako akamabwereranso umupatsire pensulo zofewa, za 2B, kuno ziliko koma ndikufuna mnyamatayu aone kuti zachokera kutali. Ukawaona amalume usawauze za Gimli, ungoti mwana akuuluka, ndipo za ng'ombe yotsala ija uwauze kuti asa