Kalata kwa mwana wanga wamkazi wokonza magalimoto kumene afera

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndamva kuti wasiya kugwira ntchito m'galaja ya eni ake, tsopano uzidziyendera wekha ndi bokosi lako la zida, kutsatira magalimoto kumene afera, kaya ndi pakhomo pa mwiniwake, pamalo oimikapo magalimoto kapena m'mbali mwa msewu. Luso lako sindilikayikira ngakhale pang'ono. Chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi nkhawa imodzi yokha, yakuti anthu okukayikira chifukwa ndiwe mkazi angakuchititse kupupuluma, n'kuyamba kuchita zinthu zoika moyo pachiswe pofuna kuwaonetsa kuti ntchitoyi umaitha.

Udzafika pamalo ena, mwini galimoto n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga amakanikowo akubwera m'mbuyo?" Wina adzaimirira pafupi nawe nthawi yonse, akukuuza kuti vuto ndi batire pamene iwe sunatsekule n'komwe boneti. Usakangane naye, ndipo usamuyankhe mwaukali. Tulutsa kachipangizo kako koyezera magetsi, ndipo iyeyo aone yekha manambala. Batire lodzadza bwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira manambalawo ayenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati sakukwera, muuze modekha kuti batire latsopano lidzathanso posachedwa chifukwa alternator, chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira, sikulidzadzitsa. Munthu amatha kutsutsana ndi mkazi, koma sangatsutsane ndi nambala imene waiwerenga ndi maso ake. Chimodzimodzinso ndi kakompyuta kowerengera zolakwika kamene umalumikiza pansi pa chiwongolero. Njira imeneyi, yotchedwa OBD-II, inakhala lamulo pa magalimoto atsopano ku United States mu 1996, ndipo lero ili m'magalimoto ambiri, koma uzikumbukira kuti nambala imene kamatulutsa imangokulozera mbali yodwala, siikuuza kuti sintha chitsulo chakuti. Yeza kaye usanagulitse munthu chinthu chimene sichinawonongeke, ndipo chimene wachotsacho uzimupatsa m'manja kuti achione.

Pamene ndikufuna undimvetsetse kwambiri ndi apa. M'galaja muli anzako, pansi ndi posalala, ndipo galimoto ikakugwera pali wina wothamangira kudzainyamula. Pamsewu uli wekha, nthaka ndi yopendekeka kapena yofewa, ndipo mwini galimoto akungoyang'ana wotchi yake. Choncho usadzalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha, ngakhale ntchitoyo ikhale ya mphindi imodzi, ngakhale amuna amene aima pamenepo anene kuti iwo amatero masiku onse. Jeke ndi yokwezera basi. Yochirikiza ndi miyendo yachitsulo ija yokhazikapo galimoto ikakwezedwa, imene uyenera kuikhazika pa thabwa lolimba ngati pansi pali pofewa, matayala otsalawo utawatchinga kutsogolo ndi kumbuyo. Pochotsa batire uziyamba ndi waya wa negativi, chifukwa sipanala ikakhudza thupi la galimoto uku ili pa pozitivi, moto wake umasungunula chitsulo, ndipo mphete ya pachala imatha kupsa mpaka kuwotcha mnofu. Mphete, zibangili ndi mikanda uzivula, tsitsi uzilimanga, pakuti lamba wa injini sasankha chimene wagwira. Chivundikiro cha radiyeta usachitsekule injini ikadali yotentha, ngakhale akuumirize bwanji, chifukwa madzi amenewo amakhala otentha kuposa madzi owira ndipo amatumphuka kumaso. Ukaona mawaya okutidwa ndi mtundu wa olenji m'galimoto yoyendera magetsi kapena ya hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi omwe, dziwa kuti mmenemo mumadutsa mavolti mazanamazana, ndipo ngati sunaphunzire ntchito yake, kukana si manyazi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Ngozi ina siichokera ku galimoto ayi, imachokera kwa anthu. Usananyamuke, funsa dzina la wokuitanayo, nambala ya galimoto ndi malo enieni pamene ili, ndipo zonsezi uzitumize kwa munthu mmodzi wodalirika amene adziwe nthawi imene ukuyembekezeka kubwerera. Galimoto yako uziimika moti utha kuchoka msanga popanda kubwerera chambuyo. Ukafika n'kupeza kuti zimene anakuuza pafoni sizikugwirizana ndi zimene ukuona, kapena mtima wako ukungokana, usatsike. Ndalama ya ulendo umodzi imapezekanso. Ntchito za usiku kumalo kwa zii uzizikana kapena uzipita ndi mnzako. Ndikulangizanso kuti nambala ya foni ya ntchito ikhale yosiyana ndi yako, popeza padzakhala ena oimba pakati pa usiku galimoto yawo ili bwinobwino, ndipo oterowo uziwayankha mwachidule pa za ntchito zokha, osawaseka kapena kuwanyoza.

Pa nkhani ya malipiro sindichulukitsa mawu. Gwirizanani mtengo usanagwire sipanala, ndipo ulendo wako ndi kufufuza vuto zikhale ndi mtengo wake ngakhale galimotoyo isakonzeke tsiku limenelo. Usatsitse mtengo poganiza kuti ndi mmene angakukhulupirire, chifukwa amene wakulipira theka lero adzauza anzake kuti ndiwe wotchipa, osati kuti ndiwe waluso. Lemba zimene wachita, upereke lisiti. Ntchito imene sikuyenera kuchitikira m'fumbi, monga kuphwasula injini kapena giyabokosi, uzinena poyera kuti galimotoyo ikokedwe kupita kugalaja, ndipo oyilo wakutha uzinyamula m'chigubu, osamuthira pansi pakhomo pa munthu.

Mwina unamvapo za Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz, mmodzi mwa anthu oyamba kupanga galimoto, mayi amene mu 1888 anayendetsa galimoto ya mwamuna wake kuchokera ku Mannheim kukafika ku Pforzheim ku Germany, mtunda woposa makilomita 100, pa nthawi imene panalibe aliyense amene anayendapo ulendo wautali chotero pa galimoto. M'njiramo paipi ya mafuta itatsekeka anaitsekula ndi phini ya chipewa chake, ndipo mabuleki atayamba kutha anapempha wosoka nsapato kuti awakhomerere chikopa. Amene adzakuuze kuti kukonza galimoto pamsewu ndi kwa amuna okha, ukhoza kumufotokozera nkhani imeneyi ngati uli ndi nthawi, koma uyambe wamaliza kumanga manati a tayala modumphadumpha ndi kuwayeza kulimba kwake.

Undidziwitse amene wamusankha kuti azidziwa maulendo ako, ndipo ngati sunamupeze, uzitumiza kwa ine, foni yanga imakhala yoyatsa usiku wonse. Mayi ako akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako