Pempho la thandizo ku sukulu yathu ya mkombaphala kuno ku Chigwa cha Shire

Akuluakulu, abale athu okhala ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Joni, komanso mipingo ndi mabungwe akufuna kwabwino, takulemberani ndife a komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, m'boma la Chikwawa. M'kaundula muli ana 80 a zaka 3 mpaka 5. Njerwa taumba ndi kuwotcha tokha, mchenga tatuta, nkhuni ndi madzi makolo amabweretsa mosinthana. Tikupempha zokhazo zimene manja athu alephera, ndipo zifike mvula isanayambe, chifukwa mtsinje wa Mwanza ukadzaza ndipo misewu ya fumbi ikasanduka matope, galimoto silowa kuno.

Choyamba ndi phala. Tsiku limene utsi sukufuka kukhitchini, ana amabwera ochepa, ndipo zikatero sabata yathunthu alezi nawo amagwa ulesi. Munda wa sukulu timalimamo mapira ndi khobwe, koma zokolola sizifika Disembala. Miyezi yovuta ndi Disembala mpaka Malichi, masabata 15 a sukulu.

Mwana mmodzi timamuwerengera magalamu 50 a ufa pa tsiku. Ana 80 ndi makilogalamu 4 pa tsiku, 20 pa sabata, 300 pa nyengo yonseyo. Ufawo timasakaniza monga Likuni Phala: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Choncho tikupempha matumba 5 a chimanga a makilogalamu 50, soya makilogalamu 70 (wina amapita ndi makoko), mafuta ophikira malita 30 ndi mchere wa ayodini. Mafutawo ndi kasupuni kamodzi pa mwana, chifukwa kamimba ka mwana n'kakang'ono ndipo phala lamadzimadzi limamukhutitsa lisanamupatse mphamvu.

Chonde tipatseni chimanga ndi soya zosagaya. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ufa wa soya ukakhalitsa umayamba kununkha ndi kuwawa, ana n'kumaukana. Ife timagayitsa wa masabata awiri okha. Soya timamukazinga kaye mpaka afiirire pang'ono, n'kumupeta; wosakazinga amatupitsa ana m'mimba. Chimanga timagayitsa mgaiwa, osakonola. Mtedza ukapezeka timausankha umodziumodzi ndi kutaya wachuku ndi wofota, pakuti poizoni wa chuku satha ndi moto. Sangowa, amene kumtunda mumati chammwamba, ndiye tili naye pakhomo paliponse: masamba timayanika pamthunzi, kusinja, n'kuthira phala litaphulidwa kale.

Chachiwiri ndi zimbudzi. Aliyense wa kuno akudziwa zimene namondwe Ana anachita mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Koma ngakhale chaka cha mvula wamba, chimbudzi chokumba mwachizolowezi sichilimba, chifukwa dothi ndi lamchenga ndipo madzi apansi ali pafupi. Dzenje la makona anayi limagumuka m'mbali, mitengo yoyala pamwamba imadyedwa ndi chiswe, tsiku lina zonse n'kutitimira. Tikufuna kumanga ziwiri zadzenje lozungulira, lomangira njerwa kuchokera pansi, silabu yake yokwezedwa kuti madzi oyenda asalowe. Bowo likhale laling'ono. Mwana wa zaka zitatu akaona bowo la akuluakulu amachita mantha, amakadzithandiza kuseri kwa chimbudzi, ndipo ntchentche zake ndi zomwe zimatera pa makapu a phala. Pamenepa pakufunika matumba 10 a simenti, waya wa silabu, malata 6 ndi misomali. Mmisiri ndi wa konkuno.

Tikupemphanso ndowa 4 za malita 20 zokhala ndi mpopi ndi chivindikiro, makapu 80, masupuni 80 ndi sopo. Kolorini timalandira kwa alangizi a zaumoyo, ndipo madzi akathiridwa timadikira mphindi 30 ana asanamwe. Mpondagiya wosambira m'manja tinapanga tokha ndi zigubu. Alangizi omwewo amabwera kudzayeza ana pamkono ndi tepi yoonera kunyentchera, kupereka vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Mwana amene tepi yasonyeza chofiira timamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachitatu sichioneka ndi maso, koma kwa ife n'cholemera kuposa simenti. Alezi athu ndi odzipereka, salandira malipiro, ndipo ambiri sanapite ku maphunziro a ulezi. Mlezi wosaphunzira amachita zimene anaona ali mu Sitandade 1: ana ali ndwii pamkeka, akubwereza A, B, C mpaka dzuwa kutentha. Mwana amaloweza, koma sadziwa kugwira pensulo, kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, kapena kudikira nthawi yake. Wophunzitsidwa amagawa ana m'magulu: ena akuumba ng'ombe zadothi, ena akuwerenga zitsekerero za mabotolo, ena akumvera nthano. Amadziwanso kulandira mwana amene kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, kumuyamba m'chiyankhulo chake n'kumamuzoloweza Chichewa cha m'mabuku chimene akachipeze ku pulayimale akakwana zaka 6. Maphunzirowa amakonzedwa kudzera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma. Amene mungathe, tilipirireni thiransipoti, chakudya ndi malo ogona a alezi 4.

Alezi amasiya ntchito akapeza ganyu kumizimbe kapena madimba akayamba, ndipo sitingawadzudzule, nawo ali ndi ana. Maganizo athu ndi mbuzi zazikazi ziwiri kwa mlezi aliyense, zikaswa ana oyamba apite kwa mnzake. Mbuzi zimachita bwino kuno.

Zidole zogula musavutike nazo, zimathyoka sabata yomweyo. Ngati muli ndi makatoni, makrayoni, mapepala olembedwa mbali imodzi ndi zidutswa za nsalu za kwa atelala, zimenezo ndiye tumizani.

Katundu aliyense adzalandiridwa pamaso pa amfumu, wapampando ndi msungichuma, adzalembedwa m'buku, ndipo wopereka adzapatsidwa lisiti. Ofuna kudzaona okha abwere m'mawa, pakati pa 7 koloko ndi 11 koloko, ana asanaweruke kuthawa dzuwa. Phala timagawa 9 koloko.

Ndife anu,
A komiti ya sukulu ya mkombaphala