Mpando wa basela ku Pietermaritzburg

Durban, 23 June 2024

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Anabwera nayo a Mbewe pa basi ya Lachinayi pamodzi ndi kathumba ka usipa komwe kakuoneka kuti kanalawidwa kwambiri panjira. Ndiyambe ndi kupepesa maliro. Za ndege ya a Chilima ku Chikangawa zinatipeza kuno, ndipo mwambo wa ku Nsipe anthu anautsatira pa mafoni ali duu, ngati ali pasiwa pomwepo. Pamenepo sindionjezera.

Mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti chipani cha a Zuma chipeze mavoti ochuluka ku KwaZulu-Natal koma osalamula, ndipo mlandu mwaugamula kale nokha kuti awabera. Dekhani, tengani pensulo.

Muyambe mwaiwala za kwathu. Kuno kulibe zoti dera lakuti lili ndi phungu wake woti mukamudikire pachipata ndi nkhani ya bokosi la maliro. Pa 29 May wovota amapatsidwa mapepala atatu: labuluu la zipani za dziko lonse, laolenji la mipando ya chigawo chake ku nyumba ya malamulo ya ku Cape Town, ndi lapinki la nyumba ya malamulo ya chigawo. Nkhani yathu ili pa lapinkilo. Chigawo chonse, kuchokera ku Port Edward mpaka kumalire a Mozambique, chimatengedwa ngati dera limodzi, ndipo mipando 80 ya nyumba ya chigawoyo, yomwe ili ku Pietermaritzburg, imagawidwa potengera mavoti a chipani chilichonse. Chipani chimapereka mndandanda wa maina chisankho chisanachitike. Chikapeza mipando khumi, alowa ndi anthu khumi oyambirira pamndandandawo, kaya mumawadziwa kaya ayi.

Zotsatira zinalengezedwa pa 2 June. MK, chipani cha a Zuma chija, inapeza mavoti 45 pa 100 aliwonse ndi kadontho pamwamba, mipando 37. IFP mipando 15, ANC 14, DA 11, EFF iwiri, NFP umodzi. Kuti mumve kulemera kwake, kumbukirani kuti mu 2019 ANC inali ndi mipando 44 m'nyumba yomweyi, EFF inali ndi 8. Ndiye kuti ANC yataya 30, EFF yataya 6, ndipo tizipani titatu, MF, ATM ndi ACDP, tatuluka m'nyumbamo ndi mpando wake kalikonse. Onkhetsani mupeza 39, yomwe yapita 37 kwa MK ndi iwiri kwa IFP. DA sinasunthe. Zonsezi zachitidwa ndi chipani chomwe a Zuma anachiikira kumbuyo poyera pa 16 December chaka chathachi, ndipo eni akewo khothi lalikulu linawaletsa kukhala phungu patatsala masiku asanu ndi anayi, chifukwa cha chilango cha miyezi 15 chija cha mu 2021.

Kagawidwe kake kali motere. Mavoti onse osaonongeka, omwe anali cha m'ma 3.5 miliyoni, mumawagawa ndi 81, kutanthauza mipando yonse kuonjezerapo umodzi, kenaka n'kuikapo voti imodzi. Chomwe mwapezacho ndiwo mtengo wa mpando, cha m'ma 43,000. Pa mtengo umenewo MK inagula mipando 36, IFP 14, ANC 13, DA 10, EFF umodzi, yonse pamodzi 74. Isanu ndi umodzi yotsalayo imaperekedwa motsatizana kwa amene atsala ndi chenji chambiri m'manja. Zipani zisanu zija chilichonse chinatenga umodzi. Womaliza unagwera NFP, yomwe mavoti ake sanafike 20,000, ngakhale theka la mtengo osakwana. Kunena kwa pamsika, mpando wa NFP ndi wa basela, ndipo basela ameneyu ndi amene wasankha wolamula anthu oposa 12 miliyoni.

Ndatero chifukwa Premier, mtsogoleri wa chigawo, savoteredwa ndi anthu. Amasankhidwa ndi aphungu 80 aja pamkhumano wawo woyamba, womwe uyenera kuchitika pasanathe masiku 14 zotsatira zitalengezedwa. Amayendetsa mwambowo ndi jaji, ndipo voti yake ndi yachinsinsi. IFP, ANC ndi DA atagwirana manja anakwana 40. MK ndi EFF anakwana 39. NFP ikanapita kwa a Zuma zikanakhala 40 kwa 40, ndipo lamulo limati zikatero akumanenso pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo pakadutsa masiku 30 mpando uli wopanda munthu, nyumba ithetsedwe, anthu akavotenso. Pa 14 June zinatha 41 kwa 39. Anapambana a Thami Ntuli a IFP, kugonjetsa Inkosi Phathisizwe Chiliza a MK. Chokuseketsani n'choti a Ntuliwa anakhalapo meya wa Nkandla, kwawo kwenikweni kwa a Zuma. IFP inasiya mpando wa Premier mu 2004, ndipo yautenganso pa chisankho choyamba chichokereni a Buthelezi, omwe anayambitsa chipanicho, amene anamwalira mu September chaka chatha. NFP nayo ndi mwana wa IFP yemweyo, anachoka pakhomo mokwiya mu 2011.

Pogawana nyama, IFP yatenga maunduna anayi, ANC atatu kuphatikizapo zaumoyo ndi maphunziro, DA awiri kuphatikizapo zachuma kwa a Francois Rodgers, ndipo mayi Mbali Shinga, phungu yekhayo wa NFP, apatsidwa zosamalira anthu. Nduna za chigawo kuno amazitcha MEC, ndiye mukamva kuti MEC yatsegulira chipatala musaganize kuti bungwe lathu la chisankho layamba kubaya jekeseni.

Za kuberazo. Zovuta zinalipo, sindikana. Timakina totsimikizira maina, tomwe amati VMD, tinkazima m'malo ambiri mpaka kubwerera ku kaundula wa papepala. Mapepala atatu m'malo mwa awiri anachedwetsa mizere, moti ena anavota usiku, poti yense amene ali pamzere 9 koloko ikamakwana sabwezedwa. Lamulo latsopano loti wofuna kukavotera pamalo pomwe sanalembetse adziwitsiretu IEC, bungwe la chisankho la kuno, linabwezetsa anthu ambiri. Pa 31 May bolodi yoonetsa zotsatira inazima kwa maola pafupifupi awiri, ndipo madando anafika 579. Inu a Tippex wa 2019 ndikudziwa mtima wadumpha kale. Koma kuwerenga kumachitikira pamalo povotera, mamonitala a zipani akuona, amasayina pepala la zotsatira, lina n'kulimata pachitseko. Kuzima kwa bolodi sikufufuta inki ya pachitseko. Wonena kuti waberedwa abwere ndi mapepala amenewo, monga anachitira a Chilima ndi a Chakwera kukhothi kwathu, tiwerenge tonse. Mwa kuona kwanga, masiku omwe MK inathera kukuwa kuti yaberedwa ndi omwe anzake anathera kugogoda pakhomo pa NFP. Kwathu chibwerereni 50+1 mgwirizano mumapanga musanavote, ngati Tonse. Kuno chibwenzi chimayamba mavoti atawerengedwa kale, ndipo wofika mochedwa amapeza mbeta itatomeredwa.

Tsono chomwe chikundisowetsa tulo si 41 ija, ndi sipikala. Mpandowo wapita kwa mayi Nontembeko Boyce a ANC, ndipo malamulo amati wotsogolera zokambirana saponya nawo voti pokhapokha mbali ziwiri zitafanana. Ndiye kuti tsiku lililonse la ntchito boma lili ndi 40, otsutsa 39. Phungu mmodzi wa boma akagwidwa chimfine, zili 39 kwa 39, sipikala apulumutse. Akadwala awiri, basi, bajeti yagwa. Inu simuudziwa msewu wa N3 wochoka kuno kupita ku Pietermaritzburg. Ndi makilomita 80 okha, koma thiraki imodzi ikagona chopingasa pachikweza anthu amaswera pomwepo. Ndiye ganizani aphungu awiri a DA ali m'galimoto imodzi kuseri kwa thiraki ya makala, malipiro a aphunzitsi ndi anamwino a chigawo chonse akudikira. Ndikanakhala mkulu woona za mwambo m'chipani ndikanaletsa aphungu kukwera galimoto imodzi, kudya mbale imodzi paphwando, ngakhale kupita kumaliro amodzi. Mayi Shinga okha ndikanawalembera wolawa chakudya, dokotala wawo ndi woyenda patsogolo kuchotsa miyala. Amake Tadala akuti ndikukokomeza, koma iwo samawerenga masamu, amawerenga maloto.

Ndipo mpandowo si wa mayi Shinga, ndi wa chipani. Kuno Section 65 yathu ija imaluma zenizeni. Kudumpha chipani uli phungu kunathetsedwa mu 2009, ukachoka kapena kuchotsedwa m'chipani mpando watha, alowa wotsatira pamndandanda, popanda chisankho chachibwereza. Choncho akuluakulu a NFP akadzangosintha maganizo, otsutsa afika 40. Komabe 40 sachotsa Premier, poti voti yosonyeza kuti alibenso naye chikhulupiriro imafuna aphungu oposa theka la nyumba yonse, 41. Mudzakhala ndi boma loti kugwa silikugwa, kudutsitsa bajeti silikutha, ngati minibasi yofera pakati pa mlatho.

Mukuseka, koma kwa ife obwera nkhaniyi ili ndi mbali yosaseketsa. Sitivota, koma zikavuta timayamba kulawa ndife. A Zuma atatsekeredwa mu July 2021 anthu oposa 300 anafa kuno ndi ku Gauteng, mashopu kupsa, maganyu kutha. N'chifukwa chake sabata ya zotsatira anyamata athu ambiri a m'matauni ankaweruka dzuwa likadalipo. Mpaka pano kuli bata, tithokoze. Muwauze a Nyirenda kuti za mapepala a mwana wawo boma la chigawo silikhudzidwa n'komwe. Mapemiti ndi a Home Affairs, boma lalikulu, ndipo a Ramaphosa chilumbirireni Lachitatu sanatchulebe nduna. Chigawo chimagwira sukulu, zipatala ndi misewu ina. Madzi omwe akusowa m'mipopi masiku atatuatatu ndi a khonsolo ya mzinda, chisankho chake ndi china, cha makhansala. Magetsi okha sanazime chiyambire kumapeto kwa March, ndipo aliyense ankati adzazima mavoti akangotha, koma mpaka lero akuyaka, moti anthu asowa chodandaula.

Inunso kalembedwe kanu kakuipiraipira, tsamba lachiwiri lonse tinachita kuwerenga anthu atatu. Ndalama ya malata mwalemba 85,000 kapena 35,000? Chigwereni kwacha mu November mitengo yanu sindikuimvetsanso, ndipo a Mbewe akabwerera Lachiwiri sindikufuna adzanene kuti theka linathera pa Mwanza ngati usipa uja. Moni kwa alamu ndi ana. Panatsala nkhani ya nthumwi khumi zomwe chigawo chimatumiza ku nyumba yachiwiri ku Cape Town, poti kumenekonso MK ikhala ndi anthu ambiri koma voti ya chigawo ndi imodzi, ndiye woinyamula... pepala latha, ndidzapitiriza a Mbewe akadzabweranso.

Ndine wanu,
Mnzanu wa ku Durban